Funsani Mlangizi wa Maulendo: Kudutsa Mayiko Angapo pa Galimoto Yanu

Makalata ambiri amene afika patsamba lino mwezi uno akufunsa za nkhani imodzi, ya ulendo wautali wodutsa mayiko angapo pagalimoto imene munthu akuyendetsa yekha. Ndasankhapo asanu ndi awiri ndipo ndawafupikitsa kuti malo atikwanire. Olemba ambiri ayamba ndi msewu ndi mtunda, pomwe m'zaka zimene ndakhala ndikuyenda ndaona kuti ulendo woterewu umatheka kapena kulephereka pazipata za m'malire, choncho mayankho anga abwerera kumalire kawirikawiri.

Funso: A Mlangizi, ine ndi mkazi wanga takhala tikusunga ndalama kwa zaka zitatu kuti tidzazungulire mayiko asanu pagalimoto yathu n'kubwerera kwathu. Tchuthi changa ndi cha masiku 21, ndipo mapu a pafoni akusonyeza kuti mtunda wonse ndi makilomita 7,000 amene tingawayende m'maola 90. Kodi masikuwa atikwanira? Ndine bambo wokonzekera tchuthi.

Yankho: Bambo, khama lanu losunga ndalama ndaliyamikira, ndipo n'chifukwa chake ndikuyankhani mosabisa kuti masiku 21 sakukwanira mtunda umenewo. Mapu a pafoni amawerengera galimoto imene siima, yoyendetsedwa ndi munthu amene samva njala, satopa, ndiponso sapeza mzere wa malole pamalire. Mukaphatikiza kuthira mafuta, kudya, kudutsa m'matauni, malo a chipikisheni ndi zigawo za msewu zimene zikukonzedwa, liwiro lenileni la ulendo wautali limatsikira pafupi ndi makilomita 60 pa ola, ngakhale kuti pamsewu wabwino mumathamanga kuposa pamenepo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuzungulira mayiko asanu n'kubwerera kwanu kukutanthauza kudutsa malire kasanu ndi kamodzi, ndipo ine malire alionse ndimawapatsa theka la tsiku, chifukwa ngakhale ena amatha m'mphindi makumi atatu, ena amadya tsiku lonse makompyuta akaima kapena mabasi atatu akafika patsogolo panu. Apa masiku atatu apita. Muchotsenso masiku asanu opuma ndi kuona malo amene mwapitira, poti simunasunge ndalama zaka zitatu kuti mukangoona phula, ndi masiku awiri osungira zadzidzidzi monga kuwonongeka kwa galimoto kapena kudwala. Mwatsala ndi masiku 11 oyendetsa, ndipo makilomita 7,000 mukawagawa pamasiku amenewa mupeza makilomita oposa 630 patsiku, amene ndi maola oposa khumi muli pachiwongolero. Ku Ulaya lamulo limaletsa madalaivala a malole, anthu amene kuyendetsa ndi ntchito yawo, kupitirira maola 9 pamasiku ambiri, ndipo limawakakamiza kupuma mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka. Inu amene mukupita kukasangalala musadzisenzetse katundu wolemera kuposa wawo. Maola asanu ndi limodzi patsiku akupatsani makilomita pafupifupi 4,000 paulendo wonse, ndipo malangizo anga ndi akuti musankhe mayiko atatu amene mukuwafunitsitsa, awiri otsalawo mudzawayendere chaka china.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi ndondomeko yothina n'chakuti imakankhira munthu mumdima. Mukachedwa pamalire koma malo ogona munalipiriratu kutsogolo, mumayamba kuyendetsa usiku pamsewu umene simuudziwa, pomwe pali ziweto, anthu oyenda pansi, magalimoto opanda nyali ndi maenje. Bungwe la World Health Organization linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, kotero kusinza kwa masekondi atatu n'kuyenda mamita oposa 80 popanda woyendetsa. Kuthamanga si kufika. Konzani tsiku lililonse kuti muzifika kogona dzuwa lisanalowe, ndipo malire muziwafika m'mawa, chifukwa zipata zambiri zimatseka madzulo.

Dziwaninso kuti mzere wa msewu wodutsa malire pamapu sutanthauza kuti pali polowera. Malire a pamtunda a Morocco ndi Algeria akhala otseka kuyambira 1994, ndipo a Turkey ndi Armenia kuyambira 1993. Msewu wotchuka wa Pan-American umaduka pakati pa Panama ndi Colombia, kunkhalango ya Darién, pamtunda wa makilomita pafupifupi 100, kotero apaulendo amakweza galimoto pasitima ya pamadzi kuchokera ku Colón kukatsikira ku Cartagena. Njira zina za m'mapiri, monga ya Khunjerab pakati pa Pakistan ndi China imene ili pamalo okwera mamita pafupifupi 4,700, zimavuta kapena kutsekeka m'nyengo yozizira, ndipo zipata zina zing'onozing'ono zimalola anthu a m'deralo okha. Chipata chilichonse chimene mukufuna kudutsa muchifufuze pachokha, ndi dzina lake, musanalembe ndondomeko.

Funso: Galimoto yanga ndinaigula pangongole ya kubanki ndipo sindinamalize kubweza. Mnzanga wandiuza kuti pamalire adzangoona pasipoti yanga ndi laisensi basi. Kodi n'zoona? Ndine mphunzitsi wopuma pantchito.

Yankho: Aphunzitsi, mnzanuyo wakuuzani za munthu, waiwala za galimoto. Pamalire pamalowa alendo awiri, inu ndi galimoto yanu, ndipo aliyense ali ndi ofesi yake. A imigireshoni amaona za inu, pomwe a kasitomu amaona galimoto ngati katundu wa mtengo wapatali amene angagulitsidwe m'dziko mwawo popanda kulipira msonkho. Mapepala onse amene amafuna akuyankha mafunso awiri okha: kodi galimotoyi muli nayo mwachilungamo, ndipo kodi idzatulukanso?

Pafunso loyamba, tengani chikalata chenicheni cha umwini wa galimoto, chimene ambiri amachitcha bulubuku, pamodzi ndi makope ake angapo. Popeza ngongole sinathe, banki ili ndi gawo pagalimotoyo, choncho mufunika kalata yochokera kubanki yokulolani kutuluka nayo m'dziko, yotchula mayiko ndi masiku a ulendo. Amene akuyendetsa galimoto ya m'bale wake, ya kampani kapena yobwereka pa hayala afunika kalata yofanana ndi imeneyi yochokera kwa mwini wake, yotsimikizidwa ndi loya kapena apolisi. Zipata zina zimafunanso chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba. Musananyamuke, tsegulani boneti muyerekeze nambala ya injini ndi nambala ya chesesi, imene pagalimoto zambiri za masiku ano imakhala ya zilembo ndi manambala 17, ndi zimene zalembedwa pamapepala. Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira. Ndinagonapo pachipata china usiku wonse chifukwa mwini wake woyamba wa galimoto yanga anasintha injini osasintha mapepala, ndipo wapolisi atawalitsa tochi pa injiniyo anapeza nambala yosiyana. Iye sanalakwe, ankagwira ntchito yake, ndipo vuto limene ndikanalikonza kwathu m'tsiku limodzi linatsala pang'ono kuthetsa ulendo wonse.

Pafunso lachiwiri pali njira ziwiri. Mayiko ambiri amapereka pamalire pomwepo chilolezo cholowetsa galimoto kwakanthawi, chimene m'Chingerezi amachifupikitsa kuti TIP. Chilolezochi chili ndi tsiku lake lothera, limene nthawi zina limafika msanga kuposa la viza yanu, ndipo mumachibweza potuluka. Mayiko ena, monga India, Pakistan ndi Iran, amafuna kabuku kotchedwa Carnet de Passages en Douane, kamene tingati ndi pasipoti ya galimoto. Kabukuka kamaperekedwa ndi mabungwe a oyendetsa galimoto amene ali pansi pa mabungwe akuluakulu a FIA ndi AIT, kamagwira ntchito miyezi 12, ndipo kuti mukapeze mumasiya chikole cha ndalama chowerengedwa malinga ndi mtengo wa galimoto ndi mayiko amene mukupitako. Tsamba lililonse lili ndi zigawo zitatu. Polowa, wa kasitomu amang'amba chigawo chimodzi n'kudinda chotsala m'kabuku, ndipo potuluka amang'amba chachiwiri n'kudindanso. Chidindo chotulukirachi ndicho chuma chanu, chifukwa chikasowa, dziko lija limaona ngati galimoto inatsala kwawo ndipo lingatenge msonkho wake pachikole chanu. Musachoke pawindo la kasitomu musanaone ndi maso anu kuti adinda pamalo oyenera ndipo alemba tsiku lolondola, ngakhale anthu a kumbuyo kwanu akung'ung'udza.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Galimoto ikawonongekeratu pangozi kapena ikabedwa m'dziko la eni, lonjezo lanu loti idzatuluka limakhala lidakalipo, kotero muyenera kutenga lipoti la apolisi ndi kalata ya a kasitomu yotseka nkhaniyo musanabwerere kwanu.

Funso: Kodi laisensi ya dziko langa ndi yokwanira, kapena ndikufunika ya mayiko onse? Ndikuopanso chifukwa dziko limodzi pa ulendo wanga amayendetsa mbali ina ya msewu. Ndine mayi woyendetsa ndekha.

Yankho: Mayi, chimene anthu amachitcha laisensi ya mayiko onse ndi kabuku kotchedwa International Driving Permit, ndipo ntchito yake ndi kumasulira laisensi yanu m'zilankhulo zingapo. Pakokha sikagwira ntchito, choncho muyenera kunyamula zonse ziwiri, ndipo kamatengedwa m'dziko limene linakupatsani laisensi musananyamuke. Kabukuka kali m'mitundu yosiyana malinga ndi mapangano a mayiko. Ka pangano la ku Geneva la 1949 kamatha pakapita chaka chimodzi, pomwe ka pangano la ku Vienna la 1968 kangafike zaka zitatu ngati laisensi yanu siitha msanga. Dziko lililonse limavomereza mtundu wa pangano limene linasaina. Japan, mwachitsanzo, imalandira ka 1949, ndipo China sikalandira konse, imafuna chilolezo chakechake. Mayiko oyandikana nthawi zambiri amavomerezana malaisensi, koma kumene chilankhulo kapena zilembo zikusiyana ndi za laisensi yanu, kabukuka kamachepetsa mikangano ya pamsewu.

Za mbali ya msewu, mantha anu ndi oyenera koma ndi otheka kuwagonjetsa. Kusinthaku kumachitika pamalire ambiri: kuchoka ku Kenya kulowa Ethiopia, ku Tanzania kulowa Rwanda, ku Namibia kulowa Angola, ku Thailand kulowa Laos, ku Pakistan kulowa Iran. Pamlatho wa Takutu, pakati pa Guyana ndi Brazil, anachita kumanga msewu wopingasana kuti magalimoto azisintha mbali okha. Ola loyamba silivuta kwenikweni, chifukwa maganizo onse amakhala pamsewu. Ngozi imabwera tsiku lachiwiri kapena lachitatu, m'mawa potuluka pamalo ogona kapena pothirira mafuta, msewu uli wopanda galimoto ina yokukumbutsani, pamene manja amabwerera ku chizolowezi chakale. Matani kapepala pafupi ndi chiwongolero kolembedwa mbali yoyenera, ndipo pamphambano iliyonse muzitchula mokweza mbali imene mukulowera. Vuto lalikulu ndi kupitirira galimoto ina, popeza chiwongolero chanu chidzakhala kumbali ya kutchire ndipo simudzaona zimene zikubwera kutsogolo kwa lole. Poti muli nokha, popanda wokuonerani, siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi loleyo kuti muzitha kuona patali, ndipo mukakayika khalani kumbuyo kwake. Nyali zanu zinapendekeredwa mbali ya msewu wa kwanu, kotero usiku zidzathobwa madalaivala obwera kutsogolo pokhapokha mutazisintha kapena kumata zotchingira. Kumbukiraninso kuti zikwangwani za ku United States ndi ku United Kingdom zimalemba mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6.

Funso: Ndili ndi inshulansi yokwanira bwino pagalimoto yanga. Kodi ndidzalipiranso ina pamalire? Ndine wabizinesi.

Yankho: Bambo, tsegulani chikalata cha inshulansi yanu mupeze ndime yotchula mayiko amene imagwira ntchito, chifukwa inshulansi zambiri zimathera pamalire a dziko limene zinagulidwa. Mukufunika kusiyanitsa zinthu zitatu zimene anthu amaziphatikiza. Choyamba ndi inshulansi yolipira anthu ena amene mungawavulaze kapena kuwaonongera katundu, ndipo iyi ndi imene malamulo a mayiko ambiri amakakamiza. Mungaigule pachipata chilichonse, kapena kutenga khadi limodzi logwira ntchito m'mayiko angapo: Green Card ku Ulaya ndi mayiko ena oyandikira monga Turkey ndi Morocco, Yellow Card m'mayiko a COMESA amene analowa m'ndondomekoyi, ndi Brown Card kumadzulo kwa Africa m'mayiko a ECOWAS. Onetsetsani kuti dziko lililonse la pa ulendo wanu lalembedwa pakhadipo, poti kuyandikana kwa mayiko sikutanthauza kuti ali m'ndondomeko imodzi. Mexico, mwachitsanzo, imafuna inshulansi yogulidwa ku kampani ya m'dzikomo ngakhale kwa ochokera ku United States, ndipo ku South Africa thumba la Road Accident Fund, limene ndalama zake zimachokera pamtengo wa mafuta, limalipira za kuvulala ndi imfa koma osati galimoto ya munthu wina imene mwaiphwanya.

Chachiwiri ndi inshulansi ya galimoto yanu yomwe, imene makhadi aja sailipira. Pemphani kampani yanu kuti iwonjezere mayiko a ulendowu ndipo ikupatseni kalata, ndipo mufunse ngati idzalipira kukoka galimoto yowonongeka kubwera nayo kwanu. Chachitatu, chimene ine ndimachiika patsogolo pa zonse, ndi inshulansi ya thupi lanu, yolipira chipatala ndi kukunyamulani kupita kuchipatala chachikulu kapena kwanu mukavulala kwambiri. Galimoto mungathe kuisiya m'dziko la eni mutamaliza za kasitomu, koma mkazi wanu kapena mwana wanu wovulala simungamusiye.

Funso: Ndidzayenda ndi ana anga awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 14, ndipo bambo awo adzatipeza pandege m'dziko lachitatu. Pobwerera tidzadutsanso dziko limene tidzayambire. Tikonzekere chiyani? Ndine mayi wa ana awiri.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa nthawi idakalipo, pajatu safunsa anadya phula. Yambani ndi mapasipoti onse atatu. Mayiko ambiri amafuna kuti pasipoti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi isanathe, ndiponso masamba opanda kanthu odindapo, ndipo paulendo wa malire ambiri masambawa amatha msanga popeza chipata chilichonse chimadinda polowa ndi potuluka. Mapasipoti a ana m'mayiko ambiri amatha msanga kuposa a akuluakulu, choncho aoneni lero.

Popeza bambo awo sadzakhala nanu pamalire oyambirira, tengani zikalata za kubadwa za anawo zotchula makolo onse awiri, kalata ya bambo yololeza ulendowu yotsimikizidwa ndi loya, ndi kope la pasipoti yawo. Ofesala wina sadzafunsa, wina adzafunsa, ndipo amene adzafunseyo akuteteza ana ku mchitidwe wozembetsa anthu, kotero musakhumudwe naye.

Mfundo yanu yodutsanso dziko loyamba ndi yofunika kwambiri. Viza yolowera kamodzi imatha mukangotuluka, ngakhale masiku ake atatsala, choncho mufunika yolowera kangapo kapena ina yongodutsira. Maviza ena a pa intaneti amagwira ntchito pamabwalo a ndege ndi pazipata zochepa zosankhidwa, ndipo viza imene imaperekedwa munthu akatsika ndege siipezeka pachipata chilichonse cha pamtunda. Funsani ku ofesi ya kazembe wa dzikolo, mutatchula dzina la chipata chimene mudzalowere. Pali zigawo zimene viza imodzi imatsegula mayiko angapo, monga KAZA ya Zambia ndi Zimbabwe kwa nzika za mayiko ena, kapena ya Schengen ku Ulaya, koma ya Schengen ili ndi lamulo loti musapitirire masiku 90 pamasiku 180 alionse, kuwerengera mayiko onse a m'chigawocho pamodzi.

Pa zaumoyo, mayiko ena amafuna chikalata cha katemera wa yellow fever kwa munthu wochokera kapena wodutsa kumene matendawa amapezeka. Chikalatachi chimayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira mu July 2016 chimagwira ntchito moyo wonse. Ngati njira yanu ikudutsa kumene kuli malungo, kaonaneni ndi dokotala milungu ingapo musananyamuke. Mankhwala amene wina wa inu amamwa tsiku ndi tsiku akhale m'mapaketi ake enieni pamodzi ndi kalata ya dokotala, chifukwa mankhwala ena opha ululu, monga tramadol ndi codeine, amene kwina amagulidwa mosavuta, m'mayiko ena angamangitse munthu.

Funso: Kodi ndigule galimoto yaikulu yoyendera mawilo onse anayi, kapena yaing'ono imene ndili nayo ingathe? Ndine mnyamata wofuna kuona dziko.

Yankho: Achimwene, ngati njira yanu ndi ya phula, galimoto imene muli nayo ndipo mumaidziwa kulira kwake ndi yabwino kuposa yachilendo yogulidwa sabata yonyamukira. Funso lofunika ndi lakuti kodi zipangizo zake zimapezeka m'mayiko amene mukupitako, ndipo kodi makaniko wa m'tauni yaing'ono angaikonze. Galimoto za dizilo zamakono, zokhala ndi sefa ya utsi, zimafuna dizilo wa sulufule wochepa kwambiri, ndipo kumene dizilo woteroyo sapezeka sefayo imatsekeka n'kufooketsa injini. Zina zimafunanso madzi oyeretsa utsi otchedwa AdBlue, amene akatha galimoto imakana kulira.

Pitani nayo ku sevisi yaikulu mwezi umodzi ulendo usanafike, kuti chimene makaniko walakwitsa chionekere muli pafupi ndi kwanu. Aone mabuleki, mapaipi a madzi, malamba a injini, batire ndi mashoko. Matayala musangoona mano ake, onaninso zaka. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, kotero 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019, ndipo tayala lakale limaphulika pamsewu wotentha ngakhale likuoneka latsopano. Yesani jeke ndi sipanala ya mawilo pakhomo panu, ndipo muonetsetse kuti sipeya ili ndi mpweya.

Mdani wamkulu wa galimoto paulendo wautali ndi kulemera. Pafupi ndi chitseko cha woyendetsa kapena pansi pa boneti pali kachitsulo kolembedwa kulemera kumene galimoto siyenera kupitirira, ndipo anthu anayi, zikwama, madzi, amene lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndi zigubu za mafuta zimafika pamlingowo mosayembekezereka. Katundu wolemera akhale pansi ndiponso pakati, osati padenga. Mafuta muzithira thanki ikafika theka, chifukwa malo othirira amene ali pamapu angakhale otseka kapena ouma. Mapu muwatsitsiretu pafoni kuti azigwira ntchito popanda netiweki, ndipo munyamulenso a pepala. Fufuzaninso zimene dziko lililonse limafuna m'galimoto, monga zikwangwani za makona atatu zochenjeza, chovala chonyezimira chimene France imafuna, chozimitsira moto, chizindikiro cha dziko lanu chomata kumbuyo, kapena chiphaso cha misewu ikuluikulu chimene Switzerland ndi Austria amafuna musanalowe mumsewu wotero.

Funso: Ndamva kuti pamalire pamakhala madobadoba ambiri ndiponso kuti apolisi a pamsewu amavutitsa magalimoto a nambala zachilendo. Ndichite bwanji? Ndine agogo okonda kuyenda.

Yankho: Agogo, madobadoba mudzawapezadi pazipata zambiri, ndipo adzakuthamangirani musanazimitse injini. Ena amathandiza moona, koma palibe chimene amachita chimene inu simungachite nokha mutadziwa ndondomeko yake, imene imafanana pafupifupi kulikonse. Potuluka mumadinditsa pasipoti ndi kubweza chilolezo cha galimoto. Polowa mumayamba ndi a zaumoyo ngati alipo, kenako a imigireshoni, a kasitomu, inshulansi ndi misonkho ya msewu, n'kumaliza ndi kapepala kotulukira pageti. Pazipata zina, monga Chirundu pakati pa Zambia ndi Zimbabwe kuyambira 2009, kapena pamlatho wa Kazungula, pakati pa Zambia ndi Botswana, umene unatsegulidwa mu 2021, mayiko awiri amagwirira ntchito malo amodzi ndipo mumaima kamodzi kokha. Mukasankha kuthandizidwa, gwirizanani malipiro poyamba, ndipo pasipoti ndi mapepala a galimoto zisachoke m'manja mwanu kupita kwa munthu amene sali kuseri kwa windo la ofesi. Ndalama iliyonse muzilipira nokha ndi kulandira lisiti, ndipo malisitiwo muwasunge mpaka mutatuluka m'dzikolo, poti apolisi a kutsogolo adzawafuna. Fikani ndi ndalama zochepa za dzikolo kapena ndalama yodziwika m'mapepala ang'onoang'ono, chifukwa makina a khadi amafa kawirikawiri ndipo osintha ndalama a panja amadziwa kuti mwapanikizika. Ndalama zambiri zimafunika kuzilengeza, ndipo polowa mu European Union mlingo wake ndi mayuro 10,000.

Zimene zili m'galimoto muzinene zoona. Chile imalanga munthu wobisa zipatso kapena mbewu, Botswana imaletsa kudutsa ndi nyama yaiwisi pamipanda ina yoteteza ng'ombe ku matenda, Rwanda inaletsa majumbo apulasitiki mu 2008, Morocco imalanda madroni olowa popanda chilolezo, ndipo ku India foni ya satelaiti yopanda chilolezo ndi mlandu. Za mowa musayerekeze n'komwe, popeza mayiko monga Hungary ndi Czech Republic salola ngakhale dontho m'magazi a woyendetsa.

Pamalo a chipikisheni, chepetsani liwiro msanga, tsitsani galasi, vulani magalasi a dzuwa, ndipo mupereke moni musanafunsidwe kanthu. Moni wa m'chilankhulo cha dzikolo, ngakhale wa mawu awiri, umafewetsa nkhope zambiri. Ngati mwalakwadi, vomerani ndi kulipira chindapusa cholembedwa pa lisiti la boma. Ngati akukupemphani ndalama popanda lisiti, musakweze mawu ndiponso musapereke, chifukwa chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka yemwe, ndipo m'dziko la eni mulibe wokuimirani pafupi. Nenani mwaulemu kuti ndinu okonzeka kupita nawo kupolisi kukalipira kumeneko, funsani dzina ndi nambala ya wapolisiyo, ndipo mudikire modekha. Apa m'pamene masiku awiri osungira aja, amene ndinauza bambo wa funso loyamba, amagwira ntchito yake, poti amene akuthamangira chipata chotseka 6 koloko amalipira chilichonse chimene wauzidwa. Lembani nambala za foni za ofesi ya kazembe wa dziko lanu m'dziko lililonse papepala losungidwa m'galimoto, ndipo madzulo alionse muzidziwitsa wachibale mmodzi kumene mwagona ndi kumene mukulowera mawa.